Kapu ya Pamsomali

Kwa a Dailesi simungalowe ndi matope kumapazi. Funsani aliyense kuno kumunsi kwa sikimu ya mpunga ya Likangala, akuuzani zomwezo. Bwalo lawo amasesa kawiri pa tsiku, mpaka nkhuku zimachita manyazi kudutsapo. Thandala la mbale lilipo, dzenje la zinyalala lilipo, chimbudzi n'chovindikira, ndipo pakhomo pake pali mpondagiya wosambira m'manja ndi kachitini ka phulusa. Matenda a kolera atavuta chaka chatha, alangizi a zaumoyo ankasonkhanitsa anthu a midzi ina kudzaonera pakhomopo. Eni ake, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zinayi, ankangokhala pakhonde atatambalala, n'kumati, "Izi ife tinaphunzira inu musanabadwe, kwa eni ake ukhondowo."

Koma chimene chinawatchukitsa si tsache ayi. Ndi kapu. Kapu yachitsulo, yoyera, ya mlomo wabuluu, yosupuka apa ndi apo chifukwa cha ukalamba. Inkakhala pamsomali wake pakhonde, payokha. Popita kumaliro, kuukwati kapena kumsonkhano wa amayi a mpingo, a Dailesi ankaimangirira kunsonga ya chitenje. Thobwa likamayenda m'chikho chimodzi kuchoka pakamwa pa uyu kupita pa uyo, iwo ankamasula mfundo ija pang'onopang'ono, anthu onse akuona, n'kutchera kapu yawo. Achinyamata ankatsinana: "Dona afika." Iwo ankamva ndithu, koma m'malo mokwiya ankachita kunyadira. M'kapu imeneyo simunamwerepo munthu wina. Malemu amuna awo, a Edwadi, anapita kumanda osailawa, ana awo asanu nawonso ankangoionera patali.

Kapu imeneyi inawadyera m'bale wawo. A Fanesi, achemwali awo aakulu a bere limodzi, amakhala tsidya la kanjira, pafupi poti wina akatsokomola kuno, uko amva. Koma kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi awiriwa sanapisepo dzanja m'mbale imodzi. Akakumana panjira ndi moni wouma, basi, aliyense zake. Ndipo a Dailesi ankafuna chinthu chimodzi chokha asanatsikire kuli chete: kuti achemwali awo avomere ndi pakamwa pawo kuti kapuyo inali ya ulemu, ndi kuti zimene iwo anachita chifukwa cha iyo sizinali zauchitsiru.

Zinayamba mu 1955. Dailesi anali kamtsikana ka zaka khumi ndi zisanu, mwana wachiwiri wa a Jafeti, msodzi wa matemba amenenso ankalima mpunga kudambo. Makolo awo a Jafetiwo anachokera kuseri kwa nyanja ya Chilwa, kwa Apwitikizi, ndipo pakhomo pankamveka Chilomwe. Atsibweni ake a Dailesi, a Makisoni, ankaphika kwa mzungu wa zaumoyo ku Zomba, ndipo ndiwo anadzamutenga kuti akalere mwana wa mzunguyo.

Tsiku lofika, dona, mkazi wa mzungu uja, sanamulowetse m'nyumba. Anamuimika kuseri kwa khitchini, n'kumuuza kudzera mwa a Makisoni kuti avule nsalu yake. Nsaluyo anaitola ndi ndodo n'kuiponya pamoto. Tsitsi anameta lonse, mpala psiti. Anamusambitsa ndi sopo wofiira wonunkha mankhwala, namuyang'ana zikhadabo, m'makutu, ndi m'mipata ya zala zakumapazi kufuna matekenya. Dailesi analira ndi manyazi. Koma atamuveka diresi loyera ngati ufa, iye n'kudziona pagalasi la zenera, misozi inauma yokha. Kenako dona anatuluka ndi kapu yatsopano, nauza a Makisoni kuti akhome msomali pakhoma la kunja. Anakoloweka kapuyo ndi dzanja lake n'kuloza: iyi ndi ya Dailesi yekha, wina asaigwire, ndipo Dailesi asamwere ina.

Tsono apa mumvetse bwino. Kwa a Jafeti, munthu mmodzi yekha ndiye anali ndi chikho chakechake, a Jafetiwo. Chinkasomekedwa kudenga, ndipo mwana wochigwira ankaona zakuda. Apongozi akabwera kudzacheza ankawatulutsira mbale yapadera. Kwathu kuno kumpatulira munthu chiwiya ndi ulemu, ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Ndiye kamtsikana kaja kataona kapu yake ili payokha pamsomali, pamene atsibweni ake, munthu wa imvi, ankamwera m'chitini cha jamu, mtima unafufuma. A Makisoni anamuona akumwetulira, n'kupukusa mutu.

"Mwana iwe, usamasekerere msomali," anatero, n'kubwerera ku mapoto awo. Iye sanawafunse kuti akutanthauza chiyani.

Mwana wa mzungu anali wamkazi, dzina lake Margaret, koma Dailesi ankangoti Magi. Anamulera zaka zisanu ndi chimodzi. Anaphunzira kuwiritsa madzi akumwa, kuwiritsa matewera, kusamba m'manja asanamugwire mwanayo ndi atamugwira, kuvindikira chakudya kuopa ntchentche. Anaziphunzira ndi mtima wonse, ndipo tinene zoona, zambiri mwa izo zinali zabwino. Kamwanako anakakonda ngati kobereka yekha. Dona akachokapo ankakabereka kumbuyo mobisa, kakagona n'kukatsitsa.

Tsiku lina Magi, ali ndi zaka zisanu, anakwera pabokosi, n'kutsitsa kapu ija, n'kumwera madzi. Dona anangotulukira. Mayo ine, kukuwa kwake! Anamulanda kapuyo, namuwomba mbama, namukokera kubafa, ndipo Dailesi ali panja anamva mwanayo akulira nthawi yaitali. Chisoni anamva, inde, koma pansi pa chisonicho panali kena kake kokoma. Anakumbukira tsiku limene amayi ake anamupotokola khutu chifukwa chomwera chikho cha ababa ake. Eti mzungu kumenya mwana wake womubereka chifukwa chonyoza kapu ya Dailesi! Nkhani imeneyi a Dailesi anaikamba moyo wawo wonse, mpaka adzukulu ankaimaliza okha iwo akangoiyamba.

Mwamuna wa dona anthu anamutcha Bwana Chimbudzi, poti ankayenda pa lole m'midzi ndi amesenjala ake, kuwerenga zimbudzi ngati ng'ombe. Lamulo linali loti nyumba iliyonse ikhale nacho, chakuya kupitirira msinkhu wa munthu. Lamulo labwino, sitikukana. Koma amene analilembayo sanakumbepo dothi lakuno. Kufupi ndi nyanja kuno ukangofika m'chiuno madzi atumphuka, mchenga n'kugumukira momwemo. A Jafeti anakumba katatu, katatu konse dzenje linagwa. Ndiye anachita zimene mudzi wonse unachita: kukumba kadzenje kolekeza m'mawondo, kuyala mitengo pamwamba, kuzira bwinobwino, n'kumanga mpanda wa udzu wooneka bwino kuti amesenjala akabwera azingoona mpandawo. Zenizenizo anthu ankakathera kuthengo ndi khasu, n'kukwirira, monga mwa makolo.

Musaganize kuti a Jafeti anali munthu wauve. Ankasamba kumtsinje m'mawa ndi madzulo, zidendene kukwecha ndi mwala mpaka zopanda mng'alu ndi umodzi womwe, mano kutsuka ndi kamtengo, thupi kudzola mafuta a nsatsi. Msodzi amene sankanunkha nsomba, anthu ankatero.

Chaka chomwecho cha mbama ya Magi, Bwana Chimbudzi anamutenga Dailesi pa lole kupita naye kumidzi ya kunyanja. Ankamuimika pamwamba ndi diresi lake loyera, n'kumukweza manja kuti anthu aone zikhadabo. "Onani mwana wanu," ankatero m'Chinyanja chake chopunduka. "Uyu waphunzira ukhondo." Atafika m'mudzi wa kwawo, mzunguyo anatembenuka n'kumufunsa pamaso pa anthu onse:

"Kwa bambo ako, chimbudzi chilipo?"

Dailesi anayang'ana ababa ake, ataima kutsogolo chipewa chili m'manja. Anayang'ana mzungu amene mkazi wake anamupatsa kapu yapayekha. Munthu amene akulemekeza umamunamiza bwanji?

"Mpanda ulipo, bwana," anayankha. "Dzenje palibe."

Mesenjala anapisa nsungwi, inangolowa pang'ono n'kugunda pansi. Mzungu anawatchula a Jafeti kuti munthu wauve, mokweza, akamwini awo ndi apongozi akumva, ndipo anawakweza pa lole yomweyo kuti akakumbe zimbudzi kukhoti mwezi wathunthu. Inali nyengo yokolola. Mpunga wawo unakololedwa ndi mbalame. Atabwerako sanamukalipire mwana wawo, anangosiya kuseka.

Mu 1961 azungu aja anabwerera kwawo. Katundu yense anagulitsa, mipando, mbale, ngakhale ndowa. Kapu ija dona anaichotsa pamsomali n'kumuikira Dailesi m'manja: "Tenga, ndi yako." Dailesi anagwada polandira. Magi anachita kumukanganula pakhosi pa Dailesi, onse awiri akulira.

Anafika kumudzi n'kupeza ababa ake ali gone pakhonde, chifuwa chitawatha. Fanesi ndiye ankawadwazika. A Jafeti anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenako maso awo anagwera pa kapu imene anali atagwira m'manja.

"Dailesi," anatero ndi mawu osasa, "tandipatsako madzi m'kapu yako yachizunguyo, nane ndilaweko."

Aliyense wa mutu wake akanamva kuti mkuluyo sankapempha madzi okha. Ankatambasula dzanja kuti za lole zija zithe. Koma Dailesi anamva chifuwa chija, nakumbukira zonse zimene anaphunzira za munthu wotsokomola ndi chomwera chake. Komanso kapuyo, si paja dona anati wina asaigwire? Anaibisa kunsonga ya nsalu, n'kulowa m'nyumba, n'kusolola chikho cha ababa kudenga. Anabwera nacho atagwada, mwaulemu wonse. A Jafeti anachiyang'ana, n'kutembenukira kukhoma osamwa. Patapita masiku atatu anamwalira.

Fanesi anaona zonsezo. Atachoka kumanda anamuuza mng'ono wake mawu amodzi okha: "Azungu akowo ankanyansidwa nawe, ndipo iwe wabwera kudzanyansidwa ndi ife." Dailesi anayankha kuti imeneyo ndi nsanje ya munthu wosayenda. Kuyambira pamenepo, aliyense mbale yake.

Moyo unapitirira. Dailesi anakwatiwa, anabereka, anasanduka a Dailesi. Nyanja inaphwa, inadzadza, inaphwanso. Ana awo sankatsekula m'mimba ngati ana a anzawo, ndipo iwo sankalephera kunena zimenezo mokweza, makamaka mphepo ikamalowera kwa a Fanesi. Koma nkhope ya ababa awo itatembenukira kukhoma sinawachoke m'maso. Ikawabwerera, ankatuluka kukayang'ana kapu pamsomali. Ankadziuza kuti, ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa, ndipo amene anandiphunzitsawo ankandilemekeza mpaka kumenya mwana wawo chifukwa cha ine. Akatero mtima unkakhala pansi.

Mwezi wa Juni chaka chino, mdzukulu wawo Wisdom, bambo wa ana awiri amenenso ndi mlangizi wa zaumoyo, anafika pa njinga thukuta lili kamukamu.

"Anganga, mukumudziwa mzungu wina dzina lake Margaret?"

A Dailesi anagwetsa tsache. Wisdom anafotokoza kuti mayi wina wachizungu, wa imvi, wabwera ndi bungwe lina lokumba mijigo, ndipo pamsonkhano ku Zomba anafunsa ngati alipo wodziwa Dailesi mwana wa a Jafeti, wa kunyanja ya Chilwa. Akufuna kubwera Loweruka.

Inu, simunaonepo nkhalamba ikubwerera utsikana! Anazira khonde, anasesa mpaka panjira, anatuma anthu ku Songani kukagula sopo ndi shuga. Anapuntha mpunga wa faya, tambala wamkulu n'kumuweruza kuti Loweruka silimupitirira. Kapu anaikwecha ndi phulusa mpaka inachita kuwala. Anaitana amayi a mpingo, anansi, ngakhale achinyamata otsinana aja. Ndipo anamutuma Wisdom tsidya la kanjira.

"Ukawauze achemwali kuti abwere adzamve okha. Mboni yanga yafika."

A Fanesi anabwera. Anafika ndi ndodo yawo ndi kamphasa kawo, n'kukakhala patali pansi pa mtengo wa mango, osalonjera munthu.

Galimoto inaima dzuwa lili pamutu. Munatuluka mayi wamtali, wowerama pang'ono, tsitsi loyera mbuu. A Dailesi anamuyang'ana kuyambira kumapazi, kenako anangoti, "Magi! Iwe Magi, wakalamba chonchi?" Anakumbatirana, akulira ngati tsiku lolekana lija. Amayi a mpingo analuluta. Anakhala pamphasa atagwirana manja, Wisdom ali pakati kumasulira. Anafunsana za ana, za adzukulu, za dona amene anamwalira kalekale.

Nthawi itakwana, a Dailesi anadzuka okha, n'kupita pamsomali, n'kubwera ndi kapu ija ataigwira ndi manja awiri. Anaiika pamphasa patsogolo pa mlendo. Anakweza mawu kuti afike pansi pa mango.

"Wisdom, umufunse. Akuikumbukira kapu iyi? Akukumbukira tsiku limene anamwera, amayi ake n'kumumenya chifukwa chondinyoza ine? Anene yekha, anthu amve mmene ankandilemekezera kunyumba kwawo."

Wisdom anamasulira. Nkhope ya Magi inafiira mpaka m'makutu. Anayang'ana kapuyo, anayang'ana a Dailesi. Kenako anayamba kulankhula, kulankhula, misozi ikutsika, osapukuta. Atamaliza, Wisdom anakanda m'mutu n'kuyang'ana pansi.

"Akuti... akuti akuikumbukira, anganga."

Pansi pa mango panachokera mawu a a Fanesi, akuthwa ngati kale. "Iwe Wisdom, mzunguyo walankhula mpaka mamina, iwe watipatsa mawu awiri. Anakutumiza kusukulu kuti uzitibisira?"

"Nena zonse," anatero a Dailesi, akumwetulirabe. "Usasiye kanthu."

Wisdom anamvera. Ananena motsitsa, koma pabwalo panali zii, ndiye aliyense anamva. Akuti tsiku lija kubafa amayi ake anamutsuka m'kamwa ndi sopo wofiira uja mpaka nkhama zinatuluka magazi, namumwetsa mankhwala otsuka m'mimba, n'kumamuyang'anira sabata yathunthu kuti aone ngati adwale. Akuti anamuuza kuti anthu a kunyanja ali ndi matenda m'thupi mwawo, asambe chotani sayera. Akuti msomali unakhomedwa panja kuti kapuyo isakhudzane ndi makapu a m'nyumba. Akuti madzulo aliwonse, Dailesi akamusambitsa n'kumupereka, amayi ake ankamusambitsanso kachiwiri kuti achotse manja a Dailesi. Ndipo pochoka anamupatsa kapuyo chifukwa panalibe mzungu amene akanaigula.

"Akuti zimenezi zamuwawa moyo wake wonse," anamaliza Wisdom. "Akuti inu ndi amene munkamukonda kuposa wina aliyense m'nyumba muja. Wabwera kudzapepesa. Amaganiza kuti munkadziwa."

Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Aka kanameta a Dailesi kachiwiri, pamaso pa mudzi wonse umene anauitana okha.

Kumwetulira kuja kunakhalabe pankhope pawo kanthawi, ngati kwaiwalika pamenepo. Kenako kunachoka. Mawu a atsibweni awo a Makisoni anawabwerera, a msomali aja, atagonera zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Anamva manyazi, koma chimene chinakula ndi mkwiyo, mkwiyo wa munthu amene wapusitsidwa ndi amene ankamugwadira.

"Ankamusambitsanso?" anafunsa. "Ine nditamusambitsa?"

"Eya, anganga."

"Manja awa?" Anawatambasula. "Manja amene ankachapa matewera ako, iwe Magi? Amene ankakupukuta ukadziipitsira, amayi ako atatseka mphuno? Pochotsa zonyansa zanu anali abwino, koma pokhudza kapu yanu ayi? Ine ndinapereka ababa anga kwa bambo ako, pa lole, anthu akuona! Ndinawamana madzi ali pa imfa! Ndinkati ndikusunga ulemu umene munandipatsa. Kani munkandiona ngati galu wa nkhupakupa?"

Wisdom sanamasulire, ndipo panalibe chifukwa chomasulira. Magi anagwira dzanja lawo, akubwereza kamawu kamodzi ka Chichewa kamene anakonzekera: "Pepani, pepani." A Dailesi sanalichotse dzanjalo, komanso sanamuyang'ane.

"Umuuze kuti iye sanalakwe, anali mwana," anatero. "Koma umuuzenso kuti katundu amene wabwera kudzatula panoyu, iye wapepukidwa, wasenza ndine."

Anadikira kuseka kuchokera pansi pa mango. Anakudikira ndithu, mwina kukanawapepukira. Koma a Fanesi sanaseke. Anapinda kamphasa kawo, n'kutola ndodo, n'kuwoloka kanjira osacheuka. Mpunga ndi tambala uja anthu anadya mwakachetechete ngati pamaliro. Mlendo anatsanzika dzuwa lisanapendeke, ndipo a Dailesi anamuperekeza mpaka pagalimoto, poti mwambo ndi mwambo.

M'mawa mwake, kwa nthawi yoyamba chikhalire, bwalo la a Dailesi silinasesedwe. Masamba a mango anangoti mbwee, mafupa a tambala ali pomwe ana anawataya. Anthu opita kutchalitchi ankasuzumira n'kumanong'onezana. Eni ake anatuluka mochedwa, maso ali otupa. Anatsitsa kapu pamsomali, n'kuidzaza madzi a mumtsuko, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kuti asatayike. Anawoloka kanjira kamene sanakawoloke kuyambira chaka cha maliro a ababa awo.

A Fanesi anali pamphasa pakhonde, akusankha mpunga m'lichero. Anawaona akubwera, koma sanasiye ntchito yawo. A Dailesi anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kutambasula kapuyo ndi manja awiri.

"Achemwali, imwani."

A Fanesi anayang'ana madziwo, anayang'ana mng'ono wawo.

"Amene anapempha madzi amenewa si ine," anatero. Analoza ndi chibwano kumsitu wa manda, kuseri kwa minda ya mpunga. "Ali uko."

A Dailesi anakhala chigwadire. Madzi anayamba kutayikira pamawondo awo. Analira mopanda mawu, monga amalirira okalamba, mapewa okha akugwedezeka.

"Munanena zoona, achemwali. Tsiku lomwe lija munanena zoona."

"Ndikanakonda ndikananama," anayankha a Fanesi. "Ukuganiza kuti dzulo ndinakondwa? Ndakhala ndikudikira tsiku limeneli zaka zonsezi, ndimati likadzafika ndidzavina. Koma ndinagona ndi njala."

Anaika lichero pambali. Pafupi nawo panali mtsuko wawo, pamwamba pake chikho chakale, chakuda m'mlomo, chobenthuka mbali imodzi. Anatunga madzi n'kupereka.

"Ngati uli ndi ludzu, chikho ndi ichi. Timamwera tonse, ine, adzukulu, ndi odutsa m'njira omwe. Madziwo ndi a pamjigo, mdzukulu wako yemweyo anathiramo mankhwala."

A Dailesi anaika kapu yawo pansi n'kulandira chikhocho. Anachiyang'ana m'mlomo muja, momwe munadutsa milomo ya anthu osawerengeka. Ankafuna kumwa, Mulungu ndi mboni, ankafuna ndi mtima wonse. Koma chitangofika pamlomo, thupi linakana lokha. Anakakamiza. Anameza kamodzi, kawiri, nkhope itakwinyika ngati mwana womwa mankhwala owawa, mpaka anatsamwa n'kuyamba kutsokomola. Anayesa kubisa, koma achemwali awo anali ataona kale.

A Fanesi anapukusa mutu pang'onopang'ono. M'maso mwawo munalibe chipongwe.

"Anakumalizadi anthu aja, mng'ono wanga," anatero.

Kenako anasendera kumapeto kwa mphasa n'kusiya malo. A Dailesi anakwawa n'kukhala pamenepo, chikho chili m'manja, madzi atatsala theka. A Fanesi anakoka lichero n'kuliika pakati pawo, ndipo patapita kanthawi manja awiri anayamba kusankha mpunga umodzi. Kapu ija inatsala pansi pomwe anaiika, ndipo nkhuku za a Fanesi zinabwera n'kuyamba kumweramo.